Phewa la Tio Zeferino

Tulare, 9 Malichi 2003

Wokondedwa mwana wanga Noémia,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Sacramento. Ine kuno ndilipo, kupatula mawondo angawa amene ayamba kulosera mvula kuposa anthu a pa wailesi. Usadabwe kuti ndabwerera ku makalata. Pa foni paja ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'chidebe, ndipo ndatopa nako kuyankha kuti "eya, eya" pa zinthu zimene sindinamve. Makutuwa anatsalira m'makina a ku fakitale.

Maluwa a mitengo ya amondi ayoyoka tsopano, msewu wonse wa kwathu kuno wayera. Mayi ako akanakhalapo bwenzi akukalipira njuchi zotera pa zovala zawo.

Loweruka mlongo wako Horácio anatsegulira chipatala chake cha maopaleshoni. Ndi chaching'ono, munthu amalowa m'mawa, madzulo n'kukagona kwawo. Wachimanga ndi madokotala anzake awiri, pamalo pomwe panali fakitale ya tchizi imene mayi ako ankagwirako ntchito. Pakhoma alembapo dzina lawo, Filomena, ndi zilembo zikuluzikulu. Ena onse amadya makeke, ine ndinangoima panja kuyang'ana pomwe panali geti. Ndimawaona akutuluka atamanga duku, manja atayera ndi mchere, iwe n'kuwathamangira mpaka kugwa. Anthu amafunsa kuti mtsikana uja ali kuti. Ndinati boma silipuma.

Koma pali nkhani ina. Tio wako Zeferino, mng'ono wanga wosamva uja, ng'ombe yamupanikiza pa geti la khola kumene amakama. Dzanja lamanja silikukwera. Ndinamuuza kalekale kuti munthu wa imvi asamapikisane ndi ng'ombe, koma umamudziwa. Poti wavulala pa ntchito, inshuwalansi ya abwana ake ndiyo ilipira. Horácio wamuona, wati mtsempha wa m'phewa waduka, ndipo amuchita opaleshoni pa chipatala chatsopanocho mwezi wa mawa. Zeferino akuti, "Kamwana kamene ndinkakapukuta mamina kandicheke ine?" Koma akuuza aliyense mpaka wogulitsa petulo.

Kodi ubwera ku chikondwerero cha Mzimu Woyera mu Juni? Chiyambire pamene mayi ako anatisiya, ndiwe umagawa msuzi pa mphika wawo ku holo, ndipo chipande chawo ndachisunga. Undilembere, undiuzenso ngati ukudya.

Ndine bambo ako,
Adelino

Sacramento, 21 Malichi 2003

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikulira. Ndili bwino ndipo ndikudya. Pepani ndi mawondo. Tio muwapepese, muwauze kuti ng'ombeyo ndibwera ndidzaizenge mlandu.

Bambo, ndisakubiseni chimene ndinalephelera kubwera. Si kuchuluka kwa ntchito kokha. Komiti ya aphungu imene ndimagwirako ikukonza lamulo latsopano, ndipo mawu ake ambiri ndikulemba ndine. Lamulolo likuti dokotala asamatumize munthu wovulala pa ntchito ku chipatala cha maopaleshoni chimene iye mwini ali nacho gawo. Dokotala wotere amadya pawiri: pa ntchito ya manja ake, ndiponso pa bedi limene wodwalayo wagonapo. Ndiye akamati "apa pafunika mpeni," wodwala sangadziwe ngati akulankhulayo ndi dokotala kapena mwini nyumba. Ndikanaima bwanji pamenepo n'kumaomba m'manja Loweruka, Lolemba n'kudzakhala pa desiki kulemba zoterezi?

Sindikunena kuti achimwene ndi akuba. Ndimawadziwa. Ndi omwe aja ankandibereka powoloka ngalande popita ku sukulu, nsapato zanga atazikoleka m'khosi. Ndi omwe aja anasoka khutu la galu wathu ndi ulusi wa Mayi, iwo akulira kuposa galuyo. Koma ndaona nkhani za zipatala zambiri, Bambo, ndipo poterera anthu abwino nawonso amagwa.

Pempho langa ndi limodzi. Tio asanachitidwe opaleshoni, akaonedwe kaye ndi dokotala wina amene alibe chake pa chipatalacho. Akavomereza, mtima wanga ukhala pansi. Kalatayi musawaonetse achimwene, ndilankhula nawo ndekha.

Za Juni sindinganeneretu. Ndi nthawi imene aphungu adzakhale akukambirana za lamuloli, mwina sadzandilola kuchoka.

Ndine mwana wanu,
Noémia

Tulare, 30 Malichi 2003

Noémia,

Moni ndikupatsa poti ndinaleredwa.

Kalata yako inafika magalasi anga atathyoka, ndiye amene anandiwerengera ndi Horácio, Lamulungu titatha kudya. Anawerenga mokweza, ukudziwa makutu anga, mpaka anafika pa mawu aja akuti "musawaonetse." Pamenepo anaseka, koma si kuseka kwabwino. Anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa mbale.

Anati, "Bambo, mwana wanu akuti ine ndimagulitsa mabedi."

Ndinati, "Sanatero."

Iye anati, "Watero, kungoti mwaulemu, mwa anthu a boma."

Zeferino anali pomwepo, dzanja lili m'nsalu. Anati, "Ine musandilowetse m'ndale zanuzo, mlandu wanga uli ndi ng'ombe." Palibe anaseka. Horácio ananyamuka osamwa khofi.

Tamvera ndikuuze. Titangofika kuchokera ku chilumba kwathu ku São Jorge, kuno kunali dokotala Quaresma. Ankachekera anthu m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yake. Nyumba yake, bedi lake, wowiritsa mipeni mkazi wake. Ndi amene anandilumikiza chala makina atachitafuna, ndi amenenso anakulandira iwe pobadwa. Palibe anafunsapo kuti bedi ndi la yani. Tinkakhala naye benchi limodzi ku tchalitchi, ndipo akanalakwira munthu akanakumana naye maso Lamulungu lililonse mpaka imfa. Mlongo wako amakhala benchi lomwelo. Nanga inu a ku Sacramento mumakhala benchi liti?

Mnyamata ameneyu akanatha kupita ku Los Angeles n'kukacheka anthu olemera. Anabwerera kuno kwa okama ng'ombe ndi othyola mphesa, amene kale ankadikira miyezi kuti aonedwe. Lero wamanga nyumba ya dzina la mayi ake, mlongo wake ndiye wanyamula nyundo.

Poti za Juni wati sukudziwa, chipande cha mayi ako ndapereka kwa Graciete, mkazi wa Horácio.

Bambo ako

Sacramento, 24 Juni 2003

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Mawondo ali bwanji? Tio achira? Miyezi yatha popanda kumva za kumeneko. Achimwene ndinawaimbira kangapo, sayankha.

Lamulungu ndinali ndi mpata, ndikanatha kubwera ku chikondwerero chija. Koma munandiuza bwino lomwe kuti malo anga ali ndi mwini wake tsopano, ndipo sindinafune kudzaima pakhomo pa holo ngati mlendo. Ndinagula nyama ndi kabichi n'kuphika msuzi uja kuno, ndi buledi wouma pansi ndi timbewu tonunkhira pamwamba, monga ankachitira Mayi. Sunakome. Msuzi umenewu umafuna phokoso la anthu, bandi yoimba mosokoneza ija, ndi inu mukukangana ndi anzanu aja a Silveira za mtengo wa mkaka. Ndinadya nditaimirira.

Munandifunsa za benchi. Sabata yatha pamaso pa komiti panakhala mayi wina wogwira ntchito ku fakitale yoika mapichesi m'zitini. Dzanja lake analicheka katatu pa chipatala cha dokotala wake yemwe, ndipo madokotala ena akuti ngakhale kamodzi sikanafunika. Anapempha madzi, koma kapu inamukanika kugwira. Amene ndinamugwirira kuti amwe ndine. Manja ake anali ngati a Mayi, osweka m'zala momwemo. Dokotala wakeyo amakhala ku nyanja, sanakumanepo naye ku tchalitchi chilichonse. Masiku a dokotala Quaresma anapita, Bambo, inenso ndimawasowa. Benchi langa ndi limenelo, pafupi ndi mayi uja.

Ngati simukufuna kundilembera, ingouzani wina andiuze za Tio.

Noémia

Tulare, 20 Julayi 2003

Iwe Noémia, kamphuno ka mbatata,

Ndine Tio wako. Ukaona zilembo zikuyenda ngati nkhuku yoledzera, dziwa kuti ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Uli bwanji mwanawe? Bambo ako kalata yako akuyenda nayo m'thumba la malaya, koma kuyankha akuti ayankha mawa. Mawa lawolo layamba kalekale, ndiye ndati ndilembe ndine.

Wafunsa ngati ndachira. Sindinachekedwe n'komwe.

Tsiku lotsatira atawerenga kalata yako ya mu Malichi ija, Horácio anandiitana. Anati, "Tio, pitani kwa dokotala wina monga wanenera mwana wa boma. Ine sindikukhudzani, angadzati ndinagulitsa mng'ono wa bambo anga." Ndinati, "Iwe, phewali ndi langa, si la mlongo wako." Anati, "Ndanena." Nkhope yake ngati ya agogo ako aamuna bulu akakana kuyenda.

A inshuwalansi anatenga nthawi yawo kuti andilole kupita kwina. Mwezi watha ndi pamene ndinakaonedwa ku Fresno ndi dokotala wina wachitsikana. Anayang'ana chithunzi cha phewa n'kufunsa kuti, "Munali kuti nthawi yonseyi?" Ndinati ndinali pakati pa ana a mkulu wanga. Akuti Horácio ananena zoona, mtsempha unadukadi, ndipo tsopano wafupika ngati chingwe chachikopa chosiyidwa padzuwa. Ku chipatala chachikulu andipatsa malo mu Novembala. Ku khola aikako munthu wina. Ng'ombe ija ili bwinobwino, yanenepa.

Sindikukuimba mlandu. Ndikungokuuza, poti wina aliyense akubisa.

Za chipande zija, ndiwe chitsiru, ndipo bambo ako ndi chitsiru chachikulu. Anapereka kwa Graciete chifukwa iwe unati mwina subwera, ndipo ankaopa kuti mphika wa mayi ako ukhala wopanda woimapo. Graciete yemweyo anati ukangofika akupatsa. Tsiku lonse la chikondwererocho bambo ako anakhala mpando woyang'ana pakhomo. Aliyense wolowa, khosi tolo. Msuzi wawo unazizira m'mbale, ndinadya ndine.

Kwathu ku chilumba, anthu akayambana ankakumanabe m'kanjira kopita ku busa, kopapatiza moti wina amayenera kunena kuti "tandipatukira." Kuno misewu ndi yotakata, munthu utha kudana ndi mbale wako mpaka kufa osagundana naye. Ndayamba kukalota kanjira kameneko. M'malotomo ndimanyamula zitini ziwiri za mkaka, manja onse ali bwino.

Tio wako,
Zeferino

Sacramento, 26 Julayi 2003

Achimwene,

Moni. Alamu a Graciete ndi ana muwapatse moni. Poti foni simuyankha, ndalemba.

Tio andiuza zonse. Pa za phewa lawo inu munanena zoona, ndipo ine ndinayenera kubwera kwa inu ndisanalembere Bambo. Ndapepesa. Lamulo lija sindilisiya, ndipo sindikunamizani kuti ndasintha maganizo. Koma ngati mukufuna kulanga munthu, ndilangeni ine. Musandilankhule zaka khumi ngati mukufuna. Tio sanalembe lamulo lililonse. Ndi amene ankakukamirani ng'ombe zanu m'mawa kuti inu mukhale m'nkhokwe ya udzu kuwerenga mabuku, Bambo osadziwa.

Novembala ndi kutali. Chitanipo kanthu, kulikonse kumene mungachitire.

Mlongo wanu,
Noémia

Tulare, 19 Okutobala 2003

Noémia,

Tili bwino. Ana akukufunsa.

Tio ndinawachita opaleshoni mwezi watha ku chipatala chachikulu. Dokotala mnzanga wina anandipatsa tsiku lake la m'chipinda cha opaleshoni. Bedi silinali langa, ukhoza kuuza komiti yako. Ndinalumikiza zimene zinatheka. Dzanja lidzakwera kufika paphewa, kupitirira apo ayi. Mu Epulo likanakwera lonse. Theka la zimenezi ndi lako, theka ndi langa, ndipo sindikufuna tikambirane za kukula kwa matekawo.

Ndamva kuti lamulo lako ladutsa. Gawo langa ndagulitsa kwa kampani ina ya kutali, anzanga aja achitanso chimodzimodzi. Eni atsopanowo sanafikepo ku Tulare. Asintha dzina pakhoma, ndipo anamwino awiri amene ndinakula nawo awachotsa. Anthu anga ayambanso kudikira. Zimenezinso uzilembe penapake.

Ndikuuze chimodzi. Tili m'chipinda cha opaleshoni, mankhwala ogonetsa asanayambe kugwira, Tio anandikoka malaya ndi dzanja lamanzere.

Anati, "Iwe, nyumba ija ikanakhala ya wina, ukanandichekabe?"

Ndinati, "Inu eya, Tio. Mosakayika."

Anati, "Nanga ena onse aja?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe chimodzimodzi, koma ndinayamba kaye kuwakumbukira mmodzimmodzi. Pamene ndimafika pakati, Tio anali atagona. Atadzuka sanafunsenso. Ndikukhulupirira kuti yankho ndi eya. Kungoti kale sindikanayamba ndaganiza.

Tio akuti akalandira chipukuta misozi chawo abwerera ku São Jorge. Akuti ng'ombe za kumeneko zili ndi ulemu. Chimvereni zimenezi Bambo akuonda. Ndege yawo inyamukira ku San Francisco kumapeto kwa Januwale. Ndiwaperekeza pa galimoto ndi Bambo. Sindikukuitana, ndikungokuuza.

Horácio

Tulare, 15 Febuluwale 2004

Mng'ono wanga Zeferino,

Khadi lako lafika. Ndakondwa kuti unayenda bwino ndiponso kuti denga la nyumba ya Amayi likadalipo. Ukuti kanjira ka ku busa anakathira simenti? Anthu alibe manyazi. Dzanja uzilikweza pakhoma m'mawa uliwonse monga anakuuzira Horácio, usamanamizire kuzizira. Unditumizire tchizi munthu wina akamabwera kuno, ya ku banja la a Brasil, osati ya m'sitolo.

Wafunsa kuti zinatha bwanji utalowa mkati muja pa bwalo la ndege. Unaona wekha kuti Noémia anabwera pa sitima ya pamtunda, ndipo kuti pokutsanzika awiriwa anaima wina uku wina uku ngati apolisi. Utangosowa m'maso mwathu, ine ndinakhala pa benchi. Ndinakumbukira tsiku lija tinkatsika sitima ya pamadzi pofika m'dziko muno, iwe utavala jekete langa lofika m'mawondo, ukulira kuti ukufuna kubwerera. Wabwereradi, kungoti wachedwa.

Noémia anati athamangire sitima yake ya ku Sacramento. Horácio anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Chikwama cha Bambo n'cholemera." Chikwama chake chiti, muli mpango ndi mabisiketi! Koma mtsikanayo anachinyamula mpaka ku galimoto, ndipo atachiika, anangolowa n'kukhala kutsogolo. Ine kumbuyo.

Tinayenda mpaka ku Gilroy. Kenako anayamba kukangana. Sindinamve zonse, koma ndinamva "anthu anga," ndinamva "mayi wa mapichesi," ndinamva "iwe sunagwirepo mpeni," ndinamvanso "inu simunaonepo anthu amene mpeni unawalakwira." Horácio amamenya chiwongolero, Noémia amaloza ndi chala ngati mayi ake. Palibe anagonja. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinaona kuti chaka chathunthu chinali chitadzaza m'mimba mwawo, ndiye ndinangotsegula mabisiketi.

Titatsika phiri, dzuwa likadali pamwamba, Horácio anaimika galimoto pambali pa munda wa thonje. Ndinati basi, amutsitsa pano. Anatuluka, anazungulira, n'kutsegula chitseko cha mlongo wake.

Anati, "Tayendetsa iwe. Ndatopa."

Noémia anati, "Simuopa kuti ndikugwetserani m'ngalande?"

Iye anati, "Unandigwetsa kale."

Anasinthana. Tisanafike ku Los Banos mnyamatayo anali atagona, kukamwa yasa, mutu utatsamira paphewa pa mlongo wake. Ukudziwa kulemera kwa mutu umene uja. Noémia anayendetsa ndi dzanja limodzi njira yonse, pang'onopang'ono, magalimoto akutipitirira ndi kutiimbira mahutala. Pa mphambano yopita ku Sacramento sanayang'aneko n'komwe.

Titafika pakhomo anazimitsa galimoto, koma sanatsike. Ndinati, "Mudzutse, dzanja lachita dzanzi limenelo." Anandiyang'ana pa galasi n'kuika chala pakamwa.

Ndinalowa ndekha m'nyumba kukatereka khofi wa anthu atatu.

Ndine mkulu wako,
Adelino